Che Jeremiya Bakali ndi Nkhuni za Uvuni wa Tchalitchi

Akhristu anzanga, Abambo andipempha kuti ndilembe za moyo wa Che Jeremiya Bakali m'kalata ya parishi ya mwezi uno. Ndamva kuti ena akung'ung'udza, akuti bwanji asankha Elina, munthu amene anatha zaka ziwiri osawapatsa moni malemuwo. N'zoona, sindinawapatse. Koma inu amene munkawapatsa moni, ndani anakhalapo nawo pansi n'kuwafunsa kumene anabadwira? Ndiye ndisiyeni ndilembe, ndili ndi nsomba zoti ndikayanike.

Che Jeremiya anabadwira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, kupitirira Malindi. Chaka sankachidziwa. Ankangoti pamene dzombe linadya mapira n'kuti atayamba kale kupalasa bwato. Makolo awo anali Asilamu, ndipo dzina la Bakali ndi lakwawoko. Bambo awo anapita ndi mphepo ya mwera ali pa bwato, mtembo sunapezeke. Mayi awo anatsala ndi ana asanu ndi ntchito imodzi yokha, yowamba nsomba za anthu ena, ndipo wosonkhezera moto anali Bakali. Tsiku lina anathamangira masewera, chambo cha eni ake n'kupserera chonse. Banja lonse linagona ndi njala masiku awiri kuti mwini nsombayo abwezeredwe. Mpaka ukalamba wawo ankati, "Moto sufuna munthu wa phuma." Ine amandiuza mawu amenewa kawirikawiri kuposa wina aliyense.

Atakula anapita ku maesiteti a fodya ku Namwera, kumene analembedwa ntchito yosonkha moto m'mabalani oumitsira fodya. Anakhalako zaka zoposa makumi awiri. Nkhuni ankazidziwa ngati mmene ine ndimadziwira usipa. Akangonyamula chikuni ankakuuzani kuti iyi ndi tsanya, iyaka mpaka mawa, iyi ndi mombo, yabwino koma siichedwa, iyi itayeni, ndi utsi wokhawokha. Kumeneko n'kumene anakumana ndi mphunzitsi wina wa katekisimu amene ankayendera antchito pa njinga. Anaphunzira kalasi zaka zinayi, chifukwa kuwerenga sankatha ndipo zonse ankasunga m'mutu. Pobatizidwa analandira dzina la Jeremiya.

Kwawo zinawawa. Mayi awo anakhala chaka chathunthu osawalankhula. Iwo sanabwezere. Mwezi uliwonse ukatha ankatumiza mchere ndi sopo, nthawi zina nsalu, ndipo akapita kunyanja nthawi ya Ramadani sankadya kapena kumwa abale awo akuona. Pa maliro a mayi awo anaimirira cha patali mwaulemu, n'kumatungira anthu madzi.

Anakwatira, nabereka ana anayi. Atatu anamwalira asanayambe kuyenda. Akazi awonso anamwalira mu 1979, atangosamukira kuno kwathu kufupi ndi Katuli, pamene utsi wa m'mabalani unali utawononga kale chifuwa chawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa ku Monkey Bay, anabwera katatu kudzawatenga. Katatu konse anamuyankha kuti, "Nanga tchalitchi azitsegula ndani?"

Ndipo n'zoona, ankatsegula ndi iwo. Ankasesa ndi iwo. Belu lathu linali limu ya galimoto yopachika pa mtengo, ndipo woimenya anali iwo, Lamulungu lililonse, mvula kaya dzuwa. Munthu akadwala, asanafike achibale ake n'kuti Che Jeremiya atakhala kale pakhomo ndi kolona m'manja. Sankalalikira. Mapemphero awo anali ochepa, omwewo omwewo, koma ankawanena ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala pafupi. Chakudya ankachipeza pootcha njerwa za anthu. Magolosale onse a patsika pano njerwa zake anaotcha ndi iwo, ngakhale za mzikiti.

Tsopano ndinene za tchalitchi chathu, chifukwa achinyamata mukuchiona lero n'kumaganiza kuti chinali bwinoko kale. Ayi. Chinali chonchi: mitengo, dothi, udzu. Chiswe chinadya benchi yokhayo imene tinali nayo. Mbuzi zinkagona m'katimo, ndipo Lamulungu tinkayamba tasesa ndowe tisanagwade. Mnzanga Ajira, amene timagulitsa naye nsomba moyandikana patsika, sankandisiya.

"Achemwali," ankatero, "dzulo ndinadutsa pa khola lanu lija. Mwayamba kuimbamo nyimbo?"

"Pakamwa pako, Ajira."

"Ine ndikungodandaulira Yesu wanu. Njerwa za mzikiti wathu anaotcha Mkhristu, koma kwawo akugona pa udzu."

Ndinkaseka naye, koma pobwerera kunyumba mtima unkanditentha. Sindichita manyazi kunena. Ndinkafuna nyumba ya Mulungu yoti munthu wodutsa pamsewu achotse chipewa.

Mu 1988, Pasaka itangopita, Abambo a nthawi imeneyo anabwera ndi pepala lalikulu. Anati abwenzi akunja alonjeza simenti, malata ndi mawindo a magalasi amitundumitundu, zokwanira tchalitchi cha anthu mazana asanu ndi atatu, cha nsanja yaitali ya belu lenileni. Ife mbali yathu inali imodzi: njerwa zootcha 80,000, zikhale zitapsa mvula isanagwe. Kapitawo wa zomangamanga adzabwera kudzaziona. Zikapanda kukwana, thandizo lonse lipita ku nthambi ina imene ikudikira. Nditaona chithunzicho ndinalira. Ndinaimirira pomwepo n'kulengeza kuti ukwati woyamba m'tchalitchi chimenecho udzakhala wa mwana wanga Ana, amene anali atangotomeredwa.

Che Jeremiya anakweza dzanja.

"Abambo, ndifunse nawo. Ife tikakwana tonse, ndi makanda omwe, sitifika mazana atatu. Malo otsalawo azikhalamo ndani?"

Anthu anawazazira, ine patsogolo. Iwo anangoti, "Chabwino. Umbani, ndidzaotcha."

Tinaumba. Amuna ankaponda dothi kudambo, ife amayi tinkatunga madzi ndi kuthamanga ndi zikombole. Ine ndinali mtsogoleri wa amayi, ndipo amene ankajomba ndinkamutsatira kunyumba kwake. Miyezi itatu sindinapite kunyanja kukapikula nsomba mokwanira, malonda anga anagwa, ana anga anadya masamba. Pofika Ogasiti njerwa zinali zitakwana, zouma, zoyalidwa bwino m'mauvuni anayi.

Vuto linali nkhuni. Amene munalipo mukukumbukira. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itatentha, ndipo anthu ankawoloka malire tsiku lililonse, ena ndi mphika umodzi, ena ndi mwana yekha kumsana. Msasa wawo unali tsidya la dambo lomwelo. Sitinkadana nawo. Chilankhulo chathu n'chimodzi, ena ndi abale athu enieni, ndipo minda tinawabwereka. Koma anthu masauzande akamaphika tsiku ndi tsiku mitengo siikhala. M'zaka ziwiri zokha tchire lonse lapafupi linali litayera. Nkhuni za uvuni tinkakazitenga kumapiri, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Zipika zikuluzikulu zinabwera pa ngolo ya Che Sulemani a m'mudzi muno, koma zambiri zinabwera pamitu pathu. Ine ndinapita maulendo makumi atatu ndi limodzi. Khosi langa silinabwererenso m'malo mwake mpaka lero. Muluwo unafika msinkhu wa nyumba, ndipo tinaupereka m'manja mwa Che Jeremiya kuti aziuyang'anira ndi kuwaza.

Tsiku lina anapeza mayi wina akutola makungwa pansi pa muluwo. Anali Lusia, wa kumsasa, amene mwamuna wake anatsalira kunkhondo. Atawaona anagwada, manja m'mwamba.

"Atati, sindinabe chikuni. Ndi makungwa okha."

Anamutsatira mpaka kukachisakasa kake. Zimene anaona anadzatiuza Lamulungu lotsatira pa msonkhano wa komiti, ataimirira, chipewa chili m'manja. Anati nyemba zimene anthuwa amalandira ndi zakale, zouma gwa, zofuna moto wa tsiku lonse. Popeza nkhuni palibe, ana akudya zosapsa. Anati madzi akumwa ndi a m'maenje amene ife tinakumba pofuna dothi la njerwa. A zaumoyo awauza kuti aziwiritsa, koma awiritsa ndi chiyani? Ana akutsegula m'mimba. Lusia anali ndi ana anayi, sabata yomweyo waika mmodzi m'manda, ndipo mu mzere wa zisakasa umene amakhala wokhawo aika asanu ndi awiri.

"Ndiye mukufuna chiyani?" anafunsa a Willard, amene anali wapampando.

"Uvuni umodzi tiusiye chaka chino. Nkhuni zake tiwapatse."

"Njerwa zikapanda kukwana simenti ipita," a Willard anatero. "Munamva nokha."

Ine sindinadikire kupatsidwa mpata. "Ali ndi mabungwe awo, malori amabwera mwezi uliwonse. Ife amatipatsa ndani?"

"Malori amabweretsa nyemba, amake Ana. Sabweretsa moto."

"Nkhuni zimenezo ndi za Mulungu!"

"Eya," anatero. "N'chifukwa chake ndabwera kudzapempha kuno."

Tinakana tonse. Ndikufuna zimenezi zilembedwe, chifukwa lero ena akuti iwo anali mbali yawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe.

Che Jeremiya anapita kunyumba n'kudula mtengo wawo wa mango. Utatha, anaphwasula nkhokwe yawo. Itatha, anayamba mulu wa tchalitchi. Sanabisale. Ankawaza masana dzuwa likuswa mtengo, nkhwangwa ikumveka mpaka patsika, ife n'kumati madala akukonzekera uvuni. Ankayambira kumbuyo kwa mulu, mbali yoyang'ana kudambo, kumene amayi a kumsasa ankatulukira m'mabango. Aliyense ankalandira zikuni zitatu zokha, ndipo ankamuuza kuti aphike pamodzi ndi mnzake pa moto umodzi. Zinatenga masabata asanu ndi limodzi.

Okutobala atalowa mitambo inayamba kusonkhana. Njerwa yosaotcha ikanyowa imabwerera kudothi, choncho ine ndi a Willard tinatsikira kudambo kukanena kuti moto uyatsidwe. Kutsogolo mulu unali chiimire. Ndinazungulira kumbuyo. Panali zibanthu zokhazokha ndi mapazi a anthu. Nkhuni zoposa theka zinali zitapita.

Che Jeremiya anali pomwepo, akunola nkhwangwa.

"Che Jeremiya, nkhuni zili kuti?"

"Zaphika nyemba."

"Mwagawa khosi langa! Maulendo makumi atatu ndi limodzi, inu n'kumagawa ngati basela! Munandifunsa?"

"Ndinakufunsani. Munakana."

"Ndiye?"

"Ndiye ana anapitiriza kufa."

Mawu amene ndinawanena pamenepo sindingawalembe m'kalata ya parishi. Ndinakawalapa, koma patapita nthawi yaitali. Iwo anangoyang'ana pansi mpaka ndinatopa ndekha.

Nthawi yobwerera kumapiri panalibe. A Willard analamula kuti nkhuni zotsalazo zigawidwe m'mauvuni onse anayi. Che Jeremiya anati, "Tiotche awiri okha, apse bwino. Anayi sapsa." Sitinamve, chifukwa awiri sakanakwanitsa chiwerengero. Che Jeremiya anamata mauvuniwo ndi matope, anayatsa, ndipo sanachokepo mpaka chikuni chomaliza, nsidze zonse zitapserera. Moto wofunika sabata unatha m'masiku atatu. Titafumula, njerwa za pafupi ndi makomo a moto zinali zofiira bwino, ukagogoda zikulira kuti ngwee. Zina zonse zinali zotuwa, ukagogoda zikungoti phu.

Apa ndiye pali tchimo langa. Ine ndine wogulitsa nsomba. Ndikamaunjika mulu wa utaka, zonona zimakhala pamwamba, zophwanyika pansi. Aliyense patsika amatero, ndipo wogula amadziwa. Ndiye ndinauza komiti kuti tiyale njerwa m'milu, zofiira kunja ndi pamwamba, zotuwa m'kati. Kapitawo akaona, simenti ikabwera, zosapsazo tidzazisintha pang'onopang'ono chaka chamawa. Onse anavomera, ndipo tinagwira ntchitoyo masiku awiri. Kenaka ndinapita kwa Che Jeremiya.

"Sitikukupemphani kuti muname," ndinatero. "Mungokhala chete. Mwationongera kale kamodzi."

Sanayankhe. Ine ndinayesa kuti tagwirizana.

Kapitawo anabwera ndi Abambo pa njinga yamoto. Anazungulira milu, anatola njerwa apa ndi apo, kugogoda, ngwee, ngwee, akugwedeza mutu. Anatulutsa cholembera. Ine mtima unali utayamba kale kuvina. Pomwepo Che Jeremiya anachoka pamene anaima, anapita pa mulu woyamba, anachotsa njerwa zitatu zakunja, n'kupisa dzanja m'kati. Imene anatulutsayo anaiponya m'ndowa ya madzi imene tinabweretsera alendo kuti asambe m'manja. Posakhalitsa madzi anada, ndipo kapitawo atapisamo dzanja anatulutsa phala.

"Abambo," Che Jeremiya anatero, "izi ndaotcha ndine, ndipo nkhuni ndinagawa ndine. Musaikepo denga pa njerwa zimenezi. Pansi pake padzakhala ana."

Simenti inapita kwina. Malata ndi magalasi anapita kwina. Patatha sabata mvula inagwa masiku atatu osakata, ndipo ntchito yathu ya miyezi isanu ndi umodzi inasanduka chulu chimene mukuchiona kudambo chija.

Komiti inawalanda kiyi ndi chitsulo choimbira belu. Ena ankafuna kuti aletsedwe kulandira Ukaristia, koma Abambo anakana. Komabe chilango cha anthu chimaposa cha komiti. Akakhala pansi, oyandikana nawo ankasuntha. Ana ankawakuwiza kuti wakuba nkhuni, ndipo ena mwa anawo anali anga. Ntchito zootcha njerwa kwa Akhristu zinatha, moti ankadya chifukwa cha Asilamu amene anapitiriza kuwaitana. Iwo anasamukira pakhomo penipeni pa tchalitchi, pamene mvula imawaza, ndipo ankagwada pamenepo Lamulungu lililonse, oyamba kufika. Sanadziteteze ndi kamodzi komwe. Chilimwe chilichonse ankamweta udzu n'kukwera padenga kukafolera, popanda wowatuma. Amuna amene anawalanda kiyi ankangodutsa, chifukwa panalibe wina wofuna kukwera.

Mwana wanga Ana anakwatiwa mu Januwale m'tchalitchi chomwechi. Mvula inagwa pakati pa Misa, ndipo pamene panaima akwati panali podontha. Ndinaimirira kumbuyo kwake ndi ambulera, m'nyumba ya Mulungu, anthu akuseka chamumtima. Ajira anabwera ku ukwatiwo. Sananene kanthu za khola tsiku limenelo, anangondithandiza kufinya nsalu, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa chipongwe chake chonse.

Pa nthawi imeneyi Che Jeremiya sanaleke kupita kumsasa. Njerwa zofiira zimene zinapulumuka, zimene komiti inalibe nazo ntchito, anapempha zina n'kumamangira amayi timbaula tadothi totchinga mphepo, kuti zikuni ziwiri zigwire ntchito ya zisanu. Anawaphunzitsa kuviika nyemba m'madzi dzulo lake. Anadzala mitengo ya keshya m'malire a munda wawo, anthu akuwaseka kuti nkhalamba ikudzala zimene sidzadula.

Ine ndinapitiriza kuwadutsa ngati chitsa, mpaka tsiku lina mu 1990 patsika. Amayi a kumsasa ankabwera ndi mafuta ophikira kudzasinthanitsa ndi nsomba. Kunabwera wina ndi ana atatu, ndipo tinakangana nthawi yaitali. Iye akuti botolo lake ndi la milu inayi, ine ndikuti itatu. Anali wouma mutu ngati ine ndemwe. Pamapeto anandiyang'anitsitsa.

"Inu si amake Ana, a kutchalitchi?"

"Ndine. Bwanji?"

"Ine ndine Lusia." Anakoka kamtsikana kake n'kukaimika patsogolo panga. Kanali konenepa masaya, kakutafuna nzimbe. "Aka kanali katatembenuza kale maso. Madzi ake tinawiritsa ndi nkhuni zanu."

Ndinati, "Ndiye undibwezere nkhuni zanga."

"Ndikubwezerani ndikabwerera kwathu, kuli mitengo yambiri. Pakali pano milu inayi."

Ndinamupatsa itatu ndi theka. Koma tsiku limenelo sindinagulitsenso bwino. Kamwanako kanangokhala m'maso mwanga, ndi nzimbe yake. M'mawa mwake ndinadutsira dala pakhomo pa Che Jeremiya.

"Mwadzuka bwanji?" ndinatero, ndikuyang'ana kumbali.

"Ndadzuka, amake Ana. Khosi lili bwanji?"

Basi. Zaka ziwiri zinathera pamenepo. Sanandifunse kuti ndinali kuti.

Nkhondo itatha, malori anayamba kubweza anthu kwawo. Lusia ananyamuka chaka chatha ndi ana ake atatu, ndipo asanakwere anapita kukagwada pakhomo pa Che Jeremiya. Msasa unatsala mabwinja. Iwo n'kuti chifuwa chitawagwira kwambiri, moti padenga analeka kukwera. A Willard anawabwezera kiyi, koma analibenso mphamvu zoyenda mpaka kutchalitchi. Anangoigwira pang'ono n'kuibweza.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku Monkey Bay kudzawadwazika, ndipo ine ndinkapita ndi phala masana aliwonse. Tsiku lina titatsala awiri pakhonde ndinaganiza kuti nkhaniyi ithe.

"Che Jeremiya, mukupita kwa Mulungu. Tanenani chilungamo. Munalakwa kapena simunalakwe?"

Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndinalakwa. Nkhuni sizinali zanga. Zinali za pamutu panu. Ndinalapa kwa Abambo, ndipo kwa inu ndikupepesa lero."

"Ehe. Ndiye mukanabwerera simukanagawa."

"Ndikanagawa."

"Ndiye kupepesa kwake ndi kotani kumeneko?"

"Ndi komwe ndili nako, amake Ana."

"Tigawane pakati," ndinatero. "Pa nkhuni munalakwa ndinu. Pa ndowa ndinalakwa ndine."

Anaseka mpaka misozi, chifuwa chikulira. "Inu mudzanenerera mtengo ngakhale pa chipata cha kumwamba."

Kenaka ndinawafunsa chimene chinkandivuta zaka zonsezi, ngati iwo sankafuna n'komwe tchalitchi chabwino. Anati ankachifuna. Anati nthawi zambiri ali padenga ndi udzu ankaganiza mmene nyimbo zingamvekere pansi pa malata. "Mangani," anatero. "Mulungu ndi woyenera nyumba yosadontha. Koma musanayatse moto, wina azungulire kumbuyo kwa mulu, aone amene waima kumeneko."

Abambo anabwera Lachitatu kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Lachinayi masana anapempha kuti awatulutse panja, awatsamiritse kukhoma kuti aothe dzuwa. Mwana wawo anayamba kolona, ine ndikuyankha. Iwo ankatsatira ndi milomo yokha. Tili pakati pa chinsinsi chachitatu ndinaona kuti milomo yaima. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene watula katundu pamthunzi. Tinamaliza kolonayo kenaka n'kuyamba kulira.

Misa ya maliro inachitikira m'tchalitchi chathu cha udzu, chimene chinadzaza mpaka panja. Abale awo Asilamu anabwera kuchokera kunyanja n'kukhala pansi pa mtengo mpaka mwambo wonse unatha. Che Sulemani anapereka ngolo yawo kuti inyamule bokosi. Amene anawakuwiza ali ana ndi amene anakumba manda.

Tsopano kwabwera pepala lina. Mwaliona pakhomo pa tchalitchi. Ili ndiye lalikulu kuposa loyamba lija, nsanja ziwiri, pansi pa matailosi, ndipo andiikanso m'komiti. Ena akuyembekeza kuti chifukwa ndalemba izi ndikana. Sindikana. Maondo anga atopa ndi fumbi, ndipo zidzukulu zanga sindifuna zidzakwatiwe pansi pa ambulera. Amene amanena kuti Mulungu safuna nyumba yabwino, ambiri a iwo amagona m'nyumba zamalata. Koma Lamulungu likubwerali ndidzaimirira pa msonkhano, ndipo mundikonzekere. Ndidzafunsa kuti tilipo angati. Ndidzafunsa kuti nsanja yachiwiriyo ikufanana ndi mijigo ingati, popeza ana a m'mudzi muno mpaka pano akumwa m'maenje a kudambo omwe aja. Ndipo mukandiyankha kuti ndi za Mulungu, ndikudziwa kale kulemera kwa yankho limenelo, chifukwa ndinalinenapo ndine.

Sindikunena kuti Che Jeremiya anali woyera. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Anatenga zosakhala zawo, anavomera, ndipo analipira zaka zisanu ndi chimodzi ali pakhomo pa tchalitchi osadandaula. Ana angati ali moyo tsidya la malire chifukwa cha iwo, palibe anawerenga. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo muwapempherere. Mundipempherere inenso. Munthu amene anaotcha njerwa za tsika lonse lino wamwalira asanapempherepo pansi pa malata ngakhale tsiku limodzi. Iwo sizinawavute. Zikundivuta ndine.

Elina, amake Ana